Kulera Ana M'dziko la Eni

Ndikupereka moni wapadera kwa inu amene mukutimva muli kutali ndi kwathu, ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Harare, ku Manchester ndi kwina konse kumene mudapita kukafuna moyo.

Mthenga Wabwino umene tamva, wolembedwa ndi Mateyo Woyera pa mutu 2, ukutionetsa Yosefe akudzuka usiku, kutenga Mwana ndi amai ake, ndi kuthawira ku Ejipito poopa lupanga la Herode. Mateyo akulongosola ulendowu m'mawu ochepa, koma aliyense amene adawolokapo malire ali ndi khanda kumbuyo akudziwa zimene zili m'kati mwa mawu ochepawo: chilankhulo chosachimva, nyumba yobwereka, ntchito yofunafuna, ndiponso kusowa mbale woti nkumsiyira mwana. M'chaka cha 1952 Papa Pius XII adalemba kalata yotchedwa Exsul Familia, m'mene adaika Banja Loyera ngati chitsanzo ndi mtetezi wa onse okhala m'dziko la eni. Choncho nkhani ya lero si yachilendo m'nyumba ya Mulungu. Mwini wake wa nyumbayo adayamwa ali mlendo.

Kwa ife Amalawi ulendo wa kunja sudayambe dzulo. Makolo athu adapita ku Wenela, adapita ku Theba, ena adayenda pansi mpaka ku minda ya fodya ndi ku migodi ya ku Rhodesia. Achikulire akukumbukira chaka cha 1974, pamene ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nkupha Amalawi oposa 70 amene anali kubwerera kwao, boma nkuimitsa ulendo wa ku migodi. Koma taonani kusiyana kwake. M'masiku amenewo mwamuna ankapita yekha, nkukagona m'komponi pamodzi ndi amuna anzake. Ana ankatsala pamudzi, m'manja mwa mai wao, malume ao ndi agogo ao. Kunali kulira, inde, ndipo ena sadabwerere konse, tidawatcha machona. Komabe mwana sankasowa womuyang'anira. Ulendo wa masiku ano ndi wina. Basi ikamanyamuka ku Blantyre kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, mumakhala amuna, akazi ndi ana omwe. Anamwino athu ambiri amene adapita ku Britain kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 adaberekera komweko, ndipo ana aowo lero ndi akuluakulu. Banja lonse lazulidwa, ladzalidwa m'nthaka ina.

Paja timati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambi umenewu udabadwira pamudzi, pamene mwana akalakwa kudambo, uthenga umafika kwa amake iye asanafike, ndipo akamva njala amalowa m'nyumba iliyonse ya pabwalopo. Tsopano tengani banja lomwelo mulilowetse m'chipinda chimodzi cha lendi kuseri kwa nyumba ya munthu wina. Bambo amalawira kusanache kukasamala maluwa ndi kapinga wa eni, kapena amachezera usiku wonse pa ulonda. Mai amakwera minibasi ziwiri kuti akafike kumene amachapa ndi kuphika. Ku Britain, bambo akamalowa m'nyumba kuchokera ku ntchito ya usiku, mai ndiye akutuluka, amangopatsana moni pakhomo ngati anthu okumana pamsika. Nanga mwana akaweruka ku sukulu apeza yani? Apeza kiyi pansi pa mwala, mpunga wozizira m'poto, ndi wailesi ya kanema kapena foni imene imuphunzitse zonse zimene inu simudapeze nthawi yomuuza. Chimene chimandilasa mtima koposa ndi ichi: mai wachimalawi amadziwika kwa eni nyumba kuti ndi wodziwa kulera, amasambitsa ana a bwana, amawaimbira, amadziwa chakudya chimene aliyense amakonda, koma wake wobala yekha amamuona ali m'tulo.

Sindikunena izi kuti ndikuimbeni mlandu. Palibe amene adasiya kwao chifukwa cha kukhuta. Lendi siidikira, ndipo kumudzi foni imalira mwezi uliwonse. Koma pali bodza lina limene timadzinamiza nalo tokha, ndipo ndifuna kulitchula dzina. Bodzalo ndi lakuti: tangobwera kwa kanthawi, tikangomaliza nyumba kumudzi tibwerera, za ana tidzaziona bwino tikafika kwathu. Chaka chimatha, china chimabwera. Njerwa zaotchedwa, malata agulidwa, kenaka pakufunika mpanda, kenaka kagolosale. Pamene nyumba ikukwera kumudzi, mwana nayenso akukula kuno, ndipo iye sadikira kuti mumalize denga. Tsiku lina mudzadzidzimuka muli ndi nyumba ya zipinda zisanu ndi mnyamata wa zaka 17 amene simumdziwa, amenenso alibe maganizo okagona m'nyumbayo.

Aisraele atatengedwa ukapolo kupita ku Babiloni anali ndi maganizo omwewa. Aneneri onama ankawauza kuti abwerera posachedwa. Mneneri Yeremiya adawalembera kalata, imene timaiwerenga pa mutu 29 wa buku lake, yowauza zosiyana kwambiri: kuti amange nyumba komweko, alime minda, akwatitse ana ao, ndipo afunire zabwino mzinda umene akukhalamo ndi kuupempherera, pakuti ukapolowo udzatha zaka 70. Mneneriyo sankafuna kuti aiwale Yerusalemu. Ankafuna kuti asataye moyo wa ana ao podikira tsiku lobwerera. Inunso, ngati mwana wanu ali pa sukulu ku Durban, dziwani dzina la mphunzitsi wake. Akaitana makolo ku msonkhano, pitani, ngakhale Chingerezi chanu chili chothyokathyoka, ngakhale muluze malipiro a tsiku limenelo. Ngati mungathe kukana ntchito yachiwiri ya Lamulungu kuti mudye nsima pamodzi mbale imodzi, ikaneni; mpanda wa kumudzi udzamangidwa chaka china.

Tsopano za chilankhulo. M'buku la Nehemiya, mutu 13, timamva kuti Nehemiya adapeza ana a Ayuda ena akulankhula chilankhulo cha ku Asidodi, osatha kulankhula cha makolo ao. Adapsa mtima kwambiri, mpaka kumenya anthu ndi kuwazula tsitsi. Pamenepo tisamtsanzire, koma chisoni chake tikuchimvetsa. Mwana wobadwira ku Soweto adzalankhula Chizulu ndi Chisutu osaphunzitsidwa ndi munthu, wa ku Leeds adzalankhula Chingerezi cha m'mphuno choposa chanu, ndipo zimenezi nzabwino, nchuma chake. Chilankhulo chimene chili pangozi ndi chimodzi chokha, cha m'nyumba mwanu, chifukwa kunja kwa chitseko chanu palibe wina amene adzamphunzitse. Makolo ena amaleka dala kulankhula Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao kwa ana, poganiza kuti adzasokonezeka ku sukulu. Mutu wa mwana si nkhokwe yoti ukathiramo mapira chimanga chisowa malo. Ana a ku Mangochi ndi ku Karonga amakula ndi zilankhulo ziwiri kapena zitatu popanda vuto. Ena amaopa zenizeni. Amene adaona zipolowe za mu May 2008, pamene anthu oposa 60 adaphedwa ku South Africa, ndiponso za mu April 2015 zimene zidachititsa boma lathu kutumiza mabasi okatenga anthu ake, amauza ana kuti asamveke ngati alendo pamsewu. Mantha amenewo sindingawapeputse. Pamsewu mwana alankhule monga alankhulira anzake. Koma chitseko chikatsekedwa, muitaneni m'chilankhulo cha amake, mumtume m'chilankhulocho, mupemphere naye m'chilankhulocho, kuti tsiku limene agogo ake adzaimbe foni asadzangoti duu, gogo kulira uko, mdzukulu kuyang'ana kudenga kuno.

Pali chinthu china chimene ambiri amachiona ngati chaching'ono, ndicho mapepala a mwana. Tiphunzire kwa abale athu a ku Zimbabwe. Agogo ao adachoka ku Nyasaland nkukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, ana adabadwira komweko, adzukulu chimodzimodzi. Ambiri sadalembetse ana ao kuno kapena uko, poti moyo unkayenda popanda pepala. M'chaka cha 2000 mafamu atayamba kulandidwa, antchito adathamangitsidwa, ndipo analibe mudzi wothawirako. M'chaka cha 2001 lamulo la unzika lidasinthidwa, ndipo anthu obadwira m'dzikomo, amene Malawi sadamuonepo ndi maso, adapezeka akuwerengedwa ngati alendo, ena nkulandidwa ufulu woponya voti. Malamulo aakulu a dzikolo a m'chaka cha 2013 adabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene makolo ao adachokera m'maiko oyandikana nalo, koma kuti munthu aulandire ankafunika kuonetsa makalata a makolo, ndipo makolowo anali atagona kale kumanda. Kunyalanyaza kwa agogo kudagwera adzukulu.

Dziwani tsono kuti kubadwira ku South Africa kapena ku Britain pakokha sikumpatsa mwana wa mlendo unzika wa dzikolo. Ku South Africa lamulo limafuna kuti mwana alembetsedwe pasanathe masiku 30 chibadwire, ndipo m'chaka cha 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda lidagamula kuti mwana asakanizidwe sukulu chifukwa chosowa mapepala. Ku Britain mwana wobadwira komweko amene wakhalako zaka zake 10 zoyamba ali ndi ufulu wopempha kulembedwa ngati nzika. Sungani kakhadi ka kuchipatala, kalata ya kubadwa, malipoti a sukulu ndi kalata ya ubatizo monga musungira ndalama. Pitani ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria, ku Harare kapena ku London kuti mwanayo adziwikenso kwao.

Za mkwapulo ndinene mwachidule. Ku South Africa khoti loona za malamulo aakulu lidaletsa kumenya ana ngakhale m'nyumba m'chaka cha 2019. Ku Scotland chiletso chotere chidayamba mu 2020, ku Wales mu 2022. Makolo ena amadandaula kuti boma lawalanda ana, ndipo amangopinda manja, osadzudzulanso chilichonse. Koma kodi agogo athu amene tinkawaopa kwambiri ndi aja ankamenya? Ambiri a ife tikukumbukira nkhalamba imene inkangotiyang'ana kamodzi, ife nkukhala pansi. Ulemu umenewo unkachokera poti tinkakhala nayo tsiku lililonse ndipo mawu ake sankasintha. Kholo limene mwana saliona sabata yonse, likabwera ndi lamba Loweruka, lidzakolola mantha ndi bodza basi.

Sindikuiwala inu amene ana anu adatsala kuno. Ena mudasankha, ena lamulo lidakusankhirani, monga osamala okalamba ku Britain amene kuyambira mu March 2024 saloledwa kutenga mabanja ao. Ndalama zimene mumatumiza zimagula yunifomu ndi feteleza, Mulungu akudalitseni. Koma mukaimba foni musamangofunsa ngati ndalama zafika. Lankhulani ndi mwanayo payekha, mumfunse za anzake, za chimene chikumuopsa, ndipo musamlonjeze kuti mubwera pa Khrisimasi ngati mukudziwa kuti simubwera. Mwana amawerenga miyezi pa zala.

Kumene mulibe malume ndi azakhali, mphakati ukhale malume ndi azakhali. M'maparishi ambiri a kunja Amalawi amasonkhana, amaimba kwaya, amasonkha ndalama zotumizira maliro kumudzi. Nzabwino, koma ngati timatha kugwirizana ponyamula wakufa, tingalephere bwanji kugwirizana kuti mai mmodzi amene ali pa tchuthi Lachitatu alandire ana a mabanja atatu akaweruka ku sukulu? Posankha aimiriri a ubatizo, musasankhe amene ali ndi galimoto, sankhani amene amakhala pafupi, woti mwana wanu akakangana nanu ali ndi khomo lina logogodapo.

Mawu otsiriza ndi anu, inu abale otsala pamudzi, amene mwina mwakhala mukumvetsera ngati nkhaniyi ndi ya ena. Mukamaimba foni kupempha ndalama za chinkhoswe, za foni yatsopano, za mowa wa chiliza, dziwani kuti ndalama iliyonse yoonjezera ndi usiku wina umene mlongo wanu achezere ku ntchito, mwana wake atadzitsekera yekha m'chipinda. Pemphani pa matenda ndi pa njala, zinazo zidikire. Ndipo ana amenewa akadzabwera kudzacheza, lilime lao likamapunthwa pa mawu athu, akamalephera kutema nsima yotentha ndi manja, musawaseke, musawatche azungu kapena a Joni. Mwana wosekedwa kamodzi satsegulanso pakamwa. Mutengeni mupite naye kumunda, mumsonyeze manda a agogo ake, mumuuze mfunda wake, ndipo akalakwitsa mawu mubwereze naye pang'onopang'ono monga muchitira ndi khanda.

Ambuye akhale nanu nonse, a kuno ndi a kutali.