MAU KWA ABAMBO: ZA BVUTO LA KUDONTHA KWA MKODZO

Nkhani ya lero ndi yocititsa manyazi pang'ono, koma akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Alipo abambo ena amene analeka kupita ku bwalo la milandu ngakhale ku maliro cifukwa mkodzo ungodontha wokha ndi kunyowetsa zobvala. Ici si cilango kapena ufiti ai. Ndi nthenda monga zina zonse, ndipo cithandizo cake cilipo.

Pansi pa cikhodzodzo ca mwamuna pali ciwalo cochedwa prostate, ndipo pafupi pace pali mnofu wotseka njira ya mkodzo. Dotolo akacotsa ciwaloci cifukwa ca khansa, nthawi zina mnofu uja ufooka. Pamenepo munthu akatsokomola, akaseka kapena akanyamula thumba la cimanga, mkodzo utuluka.

Poyamba dotolo aphunzitsa wodwala kulimbitsa mnofuwo, poufinya ndi kuumasula kambiri tsiku ndi tsiku. Ambiri apeza bwino miyezi ingapo ikapita. Koma ngati bvuto likhalabe patapita miyezi 6 kufikira 12, ayamba kuganiza za opareshoni.

Kwa wodontha pang'ono aika kalamba kocirikiza njira ya mkodzo ca kunsi. Kwa wodontha kwambiri kuli kacipangizo kamene Dr. F. Brantley Scott wa ku Houston, m'dziko la America, anaika mwa munthu koyamba mu 1972. Mtundu wace wodziwika kwambiri, AMS 800, unatuluka mu 1983.

Kacipangizoka kali ndi mbali zitatu, ndipo zonse zikhala m'kati mwa thupi, zosaoneka. Pali mkombero wofewa wozinga njira ya mkodzo, kathumba ka madzi koikidwa m'munsi mwa mimba, ndi kapampu kakang'ono koikidwa, pepani, m'thumba la macende. Mkombero ukadzaza madzi, njira itsekeka. Munthu akafuna kutaya madzi afinya kapampu. Madzi a mu mkombero apita m'kathumba, njira nitseguka. Pakapita mphindi zowerengeka madzi abwerera okha, njira nitsekekanso.

Tsono mverani macenjezo awa. Dotolo sayamba kukagwiritsa nchito tsiku lomwelo. Adikira masabata 4 kufikira 6 kuti bala lipole. Wodwala ayenera kukhala wa zala zamphamvu ndi wosaiwala-iwala. Mtengo wace ndi waukulu, ndipo pakapita zaka kangaonongeke kapena kuyambitsa cironda, nkufunika opareshoni yina. Cacikulu kopambana ndi ici: munthu wa kacipangizoka akagonekedwa m'cipatala, iye kapena mkazi wace auze anamwino msanga asanamuike kapaipi ka mkodzo. Kapaipi kolowetsedwa mkombero uli wotseka kangabvulaze njira.

Dziwaninso kuti si kudontha konse kufuna opareshoni yotere. Kwa nkhalamba zambiri prostate ingokula nitseka njira, cikhodzodzo nicidzaza mpaka kusefukira. Ena abvutika cifukwa ca nthenda ya shuga, sitiroko kapena likodzo. Yense ali ndi mankhwala ace-ace, ndico cifukwa kuyesedwa ndiko koyamba.

Cotero, abambo, musabisale m'nyumba, ndipo musadzimane madzi akumwa poopa kunyowa. Pitani ku cipatala ca pafupi, mukafotokoze zonse mosabisa. Pakafunika adzakutumizani ku cipatala cacikulu. Amai, limbikitsani amuna anu ndi kuwaperekeza. Ndipo inu aphunzitsi, awerengereni mau awa akulu amene maso ao safika pa pepala.