Makina Omvana Chinenero: Mbiri ya Z80

M'kati mwa kompyuta iliyonse muli kachipangizo kotchedwa microprocessor, kamene ntchito yake ndi kuŵerenga malamulo olembedwa m'pulogalamu ndi kuwachita. Tizipangizo tambiri ta m'zaka za m'ma 1970 tinkanyamula mabiti 8 pa nthaŵi imodzi, ndiko kuti nambala yoyambira pa 0 kulekeza pa 255. Mtundu uliwonse unali ndi malamulo akeake, monga momwe mtundu wa anthu ulili ndi chinenero chake.

Kampani ya Intel ku America inatulutsa 8008 mu 1972, kenaka 8080 mu 1974, yokonzedwa ndi Federico Faggin pamodzi ndi Masatoshi Shima. Pa 8080 ndi pamene pankayenda CP/M ya Gary Kildall, ndipo anthu analemba mapulogalamu ochuluka odalira iyo.

Faggin anachoka ku Intel nakayambitsa kampani ya Zilog. Iye anadziŵa kuti wogula sangalole kutaya mapulogalamu amene anawonongerapo ndalama, ngakhale chipangizo chatsopano chikhale chabwino chotani. Motero Z80, imene inatuluka mu 1976, inapangidwa kuti izimva malamulo a 8080, ndipo anaiwonjezera ena ake. Inkafunanso magetsi a mphamvu imodzi yokha, mavoti 5, pamene 8080 inkafuna a mphamvu zitatu. Inaloŵa m'makompyuta monga TRS-80 mu 1977 ndi ZX Spectrum mu 1982.

Ena anayesa njira ina. Chuck Peddle ndi anzake, atachoka ku Motorola kupita ku MOS Technology, anapanga 6501 mu 1975. Miyendo yake inkakwana pamalo pa 6800 ya Motorola, koma malamulo ake anali osiyana. Motorola inawasumira kubwalo lamilandu, ndipo 6501 inachotsedwa pamsika. Inatsala ndi mbale wake 6502, yogulitsidwa madola 25, imene inadzayendetsa Apple II ndi BBC Micro. Koma pulogalamu ya 6502 sinkayenda pa Z80, kotero wolemba wofuna ogula a mbali zonse ankagwira ntchito kaŵiri.

Kugwirizana kwa miyendo kunabweretsa mlandu, pamene kumvana malamulo kunasunga ntchito ya anthu ambiri. Zilog inalengeza zoleka kupanga Z80 mu 2024, patapita zaka 48 chitulukire.