Ulendo wa Mankhwala Kufika Pamsika Pathu

 Lero tikambirane za mankhwala ogula. Mwana akatentha thupi usiku, chipatala chili kutali, ambirife timathamangira kusitolo ya mankhwala pamsika. Timapereka ndalama nkulandira mapiritsi. Koma kodi munadzifunsapo kuti mapiritsiwo anachokera kuti, nanga anayenda bwanji?

Mankhwala ambiri amene timamwa m'Malaŵi muno sapangidwa kuno ayi. Amachokera kunja, makamaka ku India. Dziko lathu lili kutali ndi nyanja yamchere. Choncho katunduyu amabwera pa sitima zapamadzi nkutsikira pa madoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique, kapena pa Dar es Salaam ku Tanzania. Kuchokera pamenepo amakwezedwa pa malole. Ochokera ku Beira amaloŵera pa Mwanza kapena pa Dedza. Ochokera ku Dar es Salaam amaloŵera pa Songwe ku Karonga. Ena amabwera pa ndege.

Akaloŵa m'dziko muno, njira zimakhala ziŵiri. Mankhwala a boma amasungidwa ndi bungwe la Central Medical Stores Trust, limene limatumiza kuzipatala za boma. Ameneŵa timalandira mwaulere. Mankhwala amalonda amapita kumakampani opikulitsa, ndipo ambiri mwa makampaniwo ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe.

Tsono taganizirani mwini sitolo wa ku Chitipa kapena ku Nsanje. Iye ayenera kupita yekha kutauni kukaoda, kapena kuitanitsa pa foni. Katoni yake imakwera basi, kenaka matola, mwinanso kabaza. Paliponse pamene katoniyo yatsika ndi kukwera pamafunika ndalama. Ndalamazo amabweza ndinu ogula. Nchifukwa chake mankhwala omwewo amakhala okwera mtengo kumudzi kuposa m'tauni, chonsecho kumudzi nkumene ndalama zimasoŵa.

Pali zinanso zimene zimasokoneza ulendowu. Makampani amagula mankhwala kunja ndi madola. Mu Novembala 2023 kwacha inachepa mphamvu ndi 44 pa 100 aliyense, ndipo katundu wochokera kunja anakwera mtengo. Mu Marichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anakokolola misewu ndi milatho m'chigawo cha kumwera, moti kumadera ena galimoto sizinkafika.

Mankhwala akasoŵa, pamabwera anthu oyenda ndi chikwama. Amayala mapiritsi padzuŵa, pafupi ndi tomato ndi usipa. Mtengo wake ndi wotsika, inde, koma apa ndiye pali ngozi. Ena mwa mankhwalawo ndi obedwa kuzipatala za boma. Ena anatha kale mphamvu. Ena ndi achinyengo, angofanana ndi enieni maonekedwe okha. M'chaka cha 2017 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, pa mankhwala 10 aliwonse amodzi amakhala achinyengo kapena osapangidwa bwino. Mwana wa malungo akamwa otere, inu mumayesa kuti mwamthandiza pamene matenda akukulirakulira.

Boma linaika lamulo pa nkhaniyi. Mwa lamulo la 2019 pali bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, mwachidule PMRA. Bungweli ndilo limapereka chilolezo kwa oitanitsa, opikulitsa ndi ogulitsa mankhwala. Koma oyendera masitolo sangakhale pamsika uliwonse tsiku lililonse. Woyendera amene sasoŵa pamsika ndinu, pakuti tsopano mumatha kuŵerenga.

Mukapita kukagula, chitani izi:

1. Funsani mwaulemu kuti, "Achimwene, ndingaone nawo chiphaso cha sitolo ino?" Wogulitsa wolongosoka sakwiya.

2. Funani malembo atatu aŵa pa paketi: EXP. Kutsogolo kwake kumakhala mwezi ndi chaka. Mukaona EXP 08/2027, ndiye kuti mankhwalawo asamwedwe mwezi wa Ogasiti 2027 ukatha.

3. Kanani mapiritsi opanda dzina okulungidwa m'kapepala. Kananinso paketi yong'ambika, yonyowa kapena yofuwira ndi dzuŵa. Kutentha ndi chinyezi zimaononga mankhwala.

4. Musagule theka chifukwa ndalama zachepa. Mankhwala a malungo a LA, amene dziko lathu linayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, amamwedwa kasanu ndi kamodzi pa masiku atatu. Mukalekeza panjira, malungo angabwerere.

5. Makapisozi monga amoxicillin sagulidwa ngati mchere. Amafuna kalata ya dokotala.

Komanso kumbukirani kuti si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo. Yambani mwakayezetsa magazi kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Mwana akamakomoka, akamasanza chilichonse kapena akakana kuyamwa, musataye nthaŵi kusitolo. Thamangirani naye kuchipatala.

Mukafika kunyumba lero, tulutsani mankhwala onse amene munasunga m'chikwama kapena kudenga. Ŵerengani mwezi ndi chaka pa paketi iliyonse. Amene nthaŵi yake inapitirira musamwe, ndipo muŵaike patali ndi ana. Kenaka mupite kwa agogo oyandikana nanu amene sadziŵa kuŵerenga, mukaŵaŵerengere awonso. Sabata yamaŵa mudzatiuze zimene mwapeza.