Musadikire Tsiku Lomaliza Koleji

 Andipempha kuti ndilankhule za kukonzekera ntchito. Ndikudziwa funso limene ena mwabwera nalo mumtima: tikonzekere bwanji ntchito pamene lamulo silitilola kulembedwa monga amalembedwera mwana wa ku Mponela kapena ku Lumbadzi? Funsolo ndi lomveka ndipo sindilizemba. Pamene dziko la Malawi linkalowa m'pangano la 1951 la anthu othawa kwawo, m'chaka cha 1987, silinavomereze ndime zonse. Zina mwa zimene linazipatula ndi ya kulembedwa ntchito yolipidwa ndi ya kukhala kulikonse kumene munthu wafuna. Zimenezo ine sindingazisinthe lero. Chimene ndingachite ndi kukuuzani za kumene ndinakulira, chifukwa nafenso tinakula ndi chitupa chonena kuti si ife eni dziko.

Ndinabadwira ku Munyati m'dziko la Zimbabwe, pakati pa Kadoma ndi Kwekwe, pamene pamadutsa msewu ndi njanji yochokera ku Harare kupita ku Bulawayo. Bambo anga anachoka ku Dedza nthawi ya atsamunda, monga anachitira amuna ambiri a ku Nyasaland, ndipo anapeza ntchito pa siteshoni ya magetsi ya kumeneko, imene inkawotcha malasha obwera pa sitima kuchokera ku Hwange. Ku komboni tinkalankhula Chichewa, ndipo gule ankatuluka monga amatulukira kuno ku Dowa. Kwathu ku Malawi ankatitcha machona. Ku Zimbabwe ankatitcha mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, chonsecho ambiri a ife Blantyreyo tinali tisanamuwonepo. Pa zitupa zathu panalembedwa kuti "alien", mlendo.

Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo ana ambiri a makolo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anapezeka kuti alibe dziko. Kenaka mu 2013 kunabwera malamulo aakulu atsopano, onena kuti munthu wobadwira ku Zimbabwe, wokhala komweko, amene kholo lake ndi nzika ya dziko la mu SADC, ndi nzika yobadwa nayo. Khomo limene linatsekeka zaka 12 linatseguka. Koma tamverani: sikuti onse analowa. Amene anasunga chikalata cha kubadwa, makalata a kusukulu ndi zitupa za makolo awo anapita ku ofesi n'kukonza zinthu. Amene analibe pepala lililonse, ena mpaka lero akadali pamzere. Lamulo limasintha osakuuzani tsiku, ndipo likasintha limapeza wina ali ndi mapepala m'manja, wina akufunsa kuti kodi ndinawasiya kuti.

Masiku athu kukonzekera ntchito kunali kosavuta kufotokoza. Umangofuna kulowa pa kampani yaikulu: pa siteshoni ya magetsi, pa mgodi wa golide, ku Sable Chemicals kumene ankapanga feteleza, kapena ku ZISCO, fakitale yaikulu ya zitsulo ya ku Redcliff. Ukalowa, nyumba ndi ya kampani, chipatala ndi cha kampani, sukulu ya ana ndi ya kampani, ngakhale timu ya mpira. Tinkati wafika. Mu 2008 ng'anjo za ku Redcliff zinazima, ndipo tawuni yonse inazizira nazo.

Pamenepo ndi pamene ndinawona kusiyana kwa anthu awiri ogwira ntchito imodzi. Panali akuluakulu amene anagwira makina zaka 30, oti pampu ikangosintha kulira amadziwa chimene chavuta, koma analibe pepala. Luso lawo ankalidziwa ndi kapitawo wawo yekha, ndipo kapitawoyo atachoka, umboni unapita naye. Ambiri anakathera kokumba golide m'maenje, ntchito imene kumeneko amati chikorokoza. Panalinso anyamata amene anaphunzira ntchito zaka zinayi, n'kulemba mayeso a luso, n'kutenga khadi ya Class One. Amenewo ananyamula zikwama, ena kupita ku migodi ya pulatinamu ku Shurugwi ndi ku Zvishavane, ena ku Botswana ndi ku Joni. Sindikunena kuti anali anzeru kuposa akuluakulu aja, ayi. Kungoti luso lawo linali ndi umboni woti mlendo angauwerenge.

Ndiye posankha maphunziro, musangofunsa kuti ndi ati amene ali ndi dzina. Dzifunseni kuti ntchito imeneyi ndingaigwire pano pa Dzaleka, ndingaigwirenso ku Lubumbashi, ku Bujumbura kapena ku Toronto? Palibe mmodzi wa inu akudziwa kumene adzakhale zaka zisanu zikubwerazi. Zamagetsi ndi sola, kuwotcherera, umakaniko, kuwerengera ndalama, kulemba mapulogalamu a kompyuta, zimenezi zimawoloka malire mosavuta. Unamwino umafunika kulikonse, koma dziko lililonse limafuna kuti mulembetse ku bungwe lake la anamwino, ndiye dziwani zimenezo musanayambe. Zamalamulo ndi maphunziro abwino, koma malamulo a dziko lina sagwira ku dziko lina. Sindikuletsa munthu, ndikungoti lowani mukuwona.

Tsopano nkhani imene ndabwerera kwenikweni, ya atachimenti. Ku Kwekwe Polytechnic ndi ku Midlands State University ku Gweru, wophunzira amachoka m'kalasi n'kukakhala pa ntchito yeniyeni nthawi yaitali asanamalize. Ine ndalandirapo ana otere ambiri m'shopu ya makina. Wina amabwera kudzangotha masiku, foni m'manja, kudikira siginecha. Wina amabwera ndi kabuku, tsiku lililonse kulemba: lero tamasula mota yakuti, vuto linali bering'i, tayeza ndi chipangizo chakuti. Malo akatseguka, kapitawo sawerenga mulu wa makalata poyamba. Amayamba wakumbukira mwana wa kabuku uja. Kufuna ntchito kumayamba tsiku limenelo, osati tsiku lovala gawuni.

Mwina mukuti, ife atachimenti tikaipeza kuti? Yang'anani pomwe mulipa. Pali chipatala, masukulu, mabungwe, magalaja, matelala, oyika sola, okonza mafoni. Amene mukuphunzira zowerengera ndalama, pitani kwa mayi wa golosale mukamusungire mabuku miyezi itatu. Amene mukuphunzira kompyuta, pangirani tchalitchi kapena timu ya mpira kaundula wa mamembala. Kenaka, ndipo apa ndi pamene ambiri amachita manyazi, pemphani kalata. Ikhale ndi dzina lanu lonse, tsiku loyamba ndi lomaliza, ntchito zimene munagwira, siginecha, chidindo ngati chilipo, ndi njira yomupezera wolembayo. Pemphani sabata yomweyo imene mwamaliza. Ogwira ntchito m'mabungwe amasamutsidwa kawirikawiri, ndipo wobwera m'malo mwake sakudziwani. Safunsa anadya phula.

Amisiri, musanyoze mayeso a luso. Kuno ku Malawi za maphunziro a ntchito zamanja amayang'anira ndi a TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999. Funsani aphunzitsi anu ngati satifiketi imene mudzalandire ndi yodziwika kumeneko, ndipo funsani musanalipire kapena kutaya chaka.

Mapepala onsewa muwajambule bwino ndi foni, muwatumize ku imelo yanu, ndipo mawu achinsinsi a imeloyo musawaiwale. Nyumba imadontha, chiswe chimadya, foni imabedwa. Wonetsetsaninso kuti dzina lanu lalembedwa chimodzimodzi paliponse. Ku Munyati tinali ndi mabanja oti bambo ndi Phiri, mwana pa chitupa ndi Piri, wina anamulemba dzina la abwana a bambo ake. Chilembo chimodzi chimenecho chinkamuyendetsa munthu chaka chathunthu. Ngati pa satifiketi ya MSCE pali kalembedwe kena, pa khadi ya kuno kena, yambani kukonza panopa.

Pa CV sindichedwapo. Masamba awiri akwana. Musalembe kuti ndinu wolimbikira, aliyense amalemba zomwezo. Lembani chimene munachita, kuti, liti, kangati. Ndipo zinenero zanu musazibise. Mwana wolankhula Chifalansa, Chiswahili, Chirundi kapena Chinyarwanda, Chichewa ndi Chingerezi ali ndi chuma chimene ana ambiri a m'tawuni alibe, koma ndimawona ma CV a kuno osatchulako n'komwe.

Za mwayi wa maphunziro mukuzidziwa kuposa ine: DAFI, thandizo la boma la Germany limene linayamba mu 1992 ndipo limadzera ku UNHCR, WUSC yopita ku Canada, ndi maphunziro a pa intaneti a Jesuit Worldwide Learning. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri. Lembani, koma musakhale chaka chonse manja ali m'thumba podikira yankho. Amene amasankha anthu amafunsanso kuti mwakhala mukuchita chiyani.

Makolo, mawu awa ndi anu. Wina akabwera kuti ali ndi ntchito ya mwana wanu ku Joni kapena ku Oman, koma mulipire kaye ndipo musauze aliyense, ameneyo si wolemba ntchito. Ntchito yeniyeni sigulidwa ndipo sibisika. Kanenedwe kake kakhale kokoma bwanji, kafunseni kaye ku ofesi yoona za chitetezo cha anthu. Inunso ophunzira, mukapeza atachimenti kunja kwa kampu, yambani mwatenga chilolezo chotulukira. Chaka cha 2023 tonse tinawona anthu akubwezedwa kuno kuchokera m'matawuni, ndipo sindikufuna mwana wa dipuloma agone m'chitokosi chifukwa cha pepala limodzi.

Mawa ndikhala pompano kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 12 koloko. Bwerani ndi mapepala anu onse, ngakhale ong'ambika, ndi cholembera. Tiyamba ndi a chaka choyamba.