Agogo Opuma pa Ntchito Athandize pa Masewera a Ana

Tisanayambe kukweza ana pa sikelo lero, ndifuna tikambirane za munthu wina wa pakhomo panu amene timamuiwala kawirikawiri, ndiye agogo a mwanayo.

Ambiri a inu mukusunga makolo kapena apongozi amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, upolisi kapena ukalaliki. Munthu amene anazolowera kulawira m'mamawa, lero angokhala pakhonde kufikira dzuwa kulowa. Kukhala kotere kumafooketsa miyendo, kumanenepetsa thupi, ndiponso kumatsegulira njira matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kusowa ocheza nawo kumabweretsanso nkhawa.

M'chaka cha 2020, Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse linalangiza kuti munthu wamkulu, ngakhale wokalamba, azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa mlungu. Ndiko kunena kuti mphindi 30 pa tsiku, masiku asanu. Mwana wa zaka 5 mpaka 17 afunika mphindi 60 tsiku lililonse. Tsono taonani: agogo akusowa chochita, ana akusowa wowayang'anira. Bwalo la masewera likhoza kuthandiza onse awiri.

Ntchito zimene agogo angathe kugwira ndi izi: kuphunzitsa mpira wa miyendo kapena wa manja, kuyimbira mpira, kulemba maina a osewera, kusunga mipira, ndi kuonetsetsa kuti pabwalo pali madzi akumwa aukhondo. Agogo aakazi aphunzitse atsikana fulaye ndi jingo. Kofunsira si kutali: kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale, kwa anyakwawa, ku mpingo kapena ku mzikiti. Auzeni poyera kuti ntchito zambiri zotere n'zongodzipereka, zilibe malipiro.

Asanayambe, kumbukirani zinthu zinayi:

1. Apite kuchipatala akayezetse kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Amene ali pa mankhwala asaleke kumwa.
2. Ayambe pang'onopang'ono, m'mawa kapena dzuwa litapendeka, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala.
3. Akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena befu wosazolowereka, aleke pomwepo ndipo muthamangire nawo kuchipatala.
4. Masewera a ana azichitika poyera, pamaso pa akuluakulu osachepera awiri. Mwana asakhale yekha ndi munthu wamkulu kuseri, ngakhale munthuyo ndi wodziwika.

Amayi, ndinu amene mumaona msanga pamene munthu wayamba kufooka pakhomo. Mukafika kwanu, khalani pansi ndi agogo, muwapemphe mwaulemu, osati mowalamula. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto: pabwalo pamene pali mkulu, ndewu za ana sizipita patali.

Mwezi wamawa pobwera ndi mwana ku sikelo, mudzandiuze zimene agogo anayankha.