Kuyesa Mtima wa Mwana Wolakwira Lamulo

Lero tikamba za ana olakwira lamulo, ndi za m'mene akatswiri amayesera mtima wao asanasankhe thandizo lowayenera.

Taganizani za anyamata awiri amene agwidwa atamenya mnzao ndi kumlanda ndalama. Woyamba acita manyazi, alira, ndipo afunsa ngati womenyedwayo ali bwino. Waciwiri alibe nazo kanthu. Anena bodza mosaphethira, ndipo aponya mlandu kwa wina. Colakwa ncimodzi, koma mitima yao njosiyana. Kusiyana kumeneku ndiko kumene akatswiri a za maganizo amafuna kuyesa.

Kuuma mtima kotere kukakhazikika mwa munthu wamkulu, m'Cingelezi amakucha psychopathy. Dokotala wa ku America, Hervey Cleckley, anakufotokoza m'buku lake la mu 1941. Pambuyo pake Robert Hare wa ku Canada anakonza mndandanda wa zizindikiro 20 woyesera akaidi aakulu, umene unasindikizidwa mu 1991. Mu 2003 iyeyo pamodzi ndi Adelle Forth ndi David Kosson anatulutsa wina wa acinyamata a zaka 12 kufikira 18. Zina mwa zizindikirozo ndi bodza losalekeza, kunyengerera anthu kuti upezepo phindu, kusamva cisoni utalakwa, ndi kucita zinthu mosaganiza. Woyesa amaceza ndi mwanayo nthawi yaitali, nawerenganso zolembedwa za moyo wake. Pa cizindikiro ciriconse amalemba 0 ngati palibe, 1 ngati cioneka pang'ono, 2 ngati cioneka ndithu. Zonse pamodzi sizipitirira 40.

Tsono mverani cenjezo. Nchito imeneyi nja anthu ophunzitsidwa mwapadera; si ya mphunzitsi, wapolisi kapena kholo ai. Cifukwa cake nciani? Mwana akali kukula. Kupupuluma ndi kudzikonda zimapezeka mwa acinyamata ambiri, ndipo zimacepa akamakula. Mu 1993 Terrie Moffitt, mmodzi wa akatswiri amene analondola moyo wa ana oposa 1,000 obadwira ku Dunedin m'dziko la New Zealand, anafotokoza kuti ambiri mwa olakwira lamulo pa unyamata amaleka akakula. Owerengeka okha, makamaka oyamba akali aang'ono, ndiwo amapitirira. Conco kupatsa mwana dzina lakuti "wosaongoka" nkulakwa kwakukulu. Dzina lotere limamtsata ku sukulu, ku khoti ndi ku mudzi, ndipo anthu amaleka kumthandiza.

Nanga inu aphunzitsi, mbali yanu njotani? Buku la madokotala a matenda a maganizo a ku America, lotuluka mu 2013, lichula zizindikiro zinai zoyang'ana mwa mwana wa makhalidwe obvuta: kusamva cisoni atalakwa, kusamvera ena cifundo, kusasamala ngati nchito yake yayenda bwino kapena ai, ndi kusaonetsa cikondi ceniceni. Ziwiri mwa izo ziyenera kuoneka kwa miyezi 12 kapena kuposa, m'malo osiyanasiyana, ndipo woyesa ayenera kumva kwa anthu omdziwa bwino mwanayo. Inu muli pakati pa anthuwo. Lembani zimene mwaona ndi maso anu, ndi tsiku lake. Musalembe kuti, "Mwanayu ngwankhanza." Lembani cimene anacita, kwa yani, ndi m'mene anayankhira mutamfunsa. Lembaninso zabwino zimene acita. Funsani za kwao, pakuti njala, umasiye ndi kumenyedwa zingaumitse nkhope ya mwana amene mtima wake ngwofewa.

Akatswiri apezanso kuti ana ouma mtima saopa cilango monga anzao, koma amakopeka ndi mphotho. Ku Mendota, m'cigawo ca Wisconsin ku America, kuli malo osungirako anyamata a milandu yaikulu, otsegulidwa mu 1995. Kumeneko khalidwe labwino la tsiku ndi tsiku limalandira mphotho mwamsanga. Kafukufuku anaonetsa kuti anyamata ocokera kumeneko sanabwereze milandu ya ciwawa kaŵirikaŵiri monga anzao osungidwa kwina. Kuno ku Zambia, lamulo la mu 2022 linanena kuti mwana wosafika zaka 12 sangaimbidwe mlandu. Ambiri a inu muphunzitsa ana a msinkhu umenewo. Motero kuwaongola kuli m'manja mwanu ndi mwa makolo ao. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Ndipo inu ana, mnzanu akamazunza ena kapena ziweto, musabise ndipo musamseke. Uzani aphunzitsi anu, kuti wozunzidwa atetezedwe ndi wozunzayo athandizidwe.

Aphunzitsi, mukatseka wailesi, funsani ana anu funso iri: kodi munthu amene wamva cisoni zoona atalakwa timamzindikira bwanji? Tsalani bwino.