Maloya a Kunja Akabwera, Tikhale Ndi Wathu wa Kuno

Mawu amene anayankhulidwa kwa atsogoleri a makalabu a alimi a kummwera kwa boma la Mzimba, pa msonkhano wa ku Mzimba boma

 Tiyankhula m'Chichewa poti mawuwa alembedwa m'kalata ya bungwe lathu imene imafikanso kwa anzathu a m'zigawo zina, koma mafunso funsani m'Chitumbuka, tikumva.

Lero sitinabwere ndi nkhani ya feteleza kapena mbewu. Tabwera ndi nkhani ya makhoti. Zaka zapitazi taona maloya a ku London ndi a ku Johannesburg akutenga milandu ya anthu a kumudzi ngati ife, kulimbana ndi makampani akuluakulu. Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ife sitikuwakana alendowa. Chimene tikupempha n'chakuti tsiku limene adzafike pa kalabu yanu, adzapeze bungwe lili kale ndi loya wake wa kuno, amene ntchito yake ndi kuyang'anira zofuna za mamembala.

Tiyambe ndi kwathu konkuno. Ku Kanyika, m'dera la Inkosi Mabulabo, kampani ya Globe Metals and Mining ya ku Australia inayamba kufufuza miyala ya niobium m'chaka cha 2006. Mabanja oposa 200 anadandaula kuti m'chaka cha 2012 anauzidwa kuti adzasamutsidwa, ndipo analeka kumanga nyumba zolimba ndi kubzala mbewu zokhalitsa podikira chipukuta misozi. Zaka zinadutsa ali pomwepo. Mu 2017 anthuwa anasumira kampaniyi pamodzi ndi boma ku khoti lalikulu la ku Mzuzu. Anathandizidwa ndi bungwe la Southern Africa Litigation Centre, limene likulu lake lili ku Johannesburg. Kampaniyi inalandira chiphaso chokumbira miyala mu 2021 ndipo inasainirana pangano ndi boma mu 2023. Werengani nokha zaka kuchokera 2012, muone utali wa nkhani zoterezi.

Nanga akatswiri a ku Johannesburg aja, bwanji sangangobwera n'kuima okha pamaso pa woweruza ku Mzuzu? Malamulo salola. Lamulo la dziko lino loyang'anira ntchito za maloya limati munthu sangaimire mnzake m'khoti asanavomerezedwe kugwira ntchitoyi m'Malawi muno. Ngakhale akhale katswiri wotchuka kwawo, kuno ayenera kupempha, ndipo pempholo likhoza kukanidwa. Ambiri mukukumbukira mlandu wa chisankho cha pulezidenti. Mu 2020 bungwe la MEC linalemba maloya a ku South Africa pa mtengo wa pafupifupi K600 miliyoni kuti akaliimire pa apilo. Mkulu wa oweruza milandu nthawi imeneyo, a Andrew Nyirenda, anakana kuwavomereza, ndipo maloyawo sanaime m'khoti. Ngati zinakanika kwa bungwe la ndalama zonsezo, kuli bwanji kwa kalabu ya alimi 20? Mlandu ukakhala m'khoti la kuno, wolemba zikalata zosumira ndi woyankhula kwa woweruza ndi loya wa kuno. Wakunja amathandiza ndi nzeru, kafukufuku ndi ndalama.

Pali milandu ina imene imapita kunja. Uwu ndiwo ukutikhudza kwambiri ife a fodya. Mu Disembala 2020 kampani ya maloya ya Leigh Day ya ku London inasumira makampani a British American Tobacco ndi Imperial Brands ku khoti lalikulu la ku England, m'malo mwa matenanti a fodya ndi ana awo oposa 7,000 a kuno ku Malawi. Dandaulo ndi lakuti makampaniwa anapindula ndi fodya wolimidwa ndi ana ndinso anthu ogwira ntchito ngati akapolo. Makampaniwo anakana, ndipo anapempha khoti kuti lithetse mlanduwo usanayambe, ponena kuti odandaulawo alibe umboni woti fodya wawo anafikadi m'manja mwa makampaniwo. Mu Juni 2021 woweruza anakana pempholo ndipo mlandu unapitirira. Sanagamule kuti makampaniwo ndi olakwa ayi. Anangoti nkhaniyo iyenera kumvedwa.

Mvetsetsani pamene panagona mkanganowo: belo ili linachoka m'munda mwa yani, linagulitsidwa pa nambala ya yani, anagula ndani? Ife amene tinagwirapo ntchito ya ulangizi tikudziwa mmene zimakhalira. Tenanti alibe nambala yakeyake, fodya amagulitsidwa m'dzina la mwini munda. Wina amagulitsa kwa vendala usiku. Wina amatumiza mabelo ake ku okushoni ya ku Mzuzu pa nambala ya mlamu wake pothawa ngongole. Loya wokhala ku London sangazidziwe izi. Sadziwa kuti munthu mmodzi ali ndi dzina la pa chitupa, dzina la kutchalitchi ndi dzina la kumudzi. Sadziwa kuti tenanti amene anamulemba ku Mzimba mwezi wa Meyi, pofika Ogasiti wabwerera kwawo ku Phalombe. Akamufunsa mayi kudzera mwa womasulira pamaso pa apongozi ake aamuna, mayiyo ayankha kuti zonse zili bwino, ndipo loyayo alemba momwemo.

Apa tinene chilungamo, ngakhale chowawa. Ena mwa ife muno tinasungapo matenanti, ndipo ana awo ankasoka fodya m'zigafa zathu. Kuyambira 2021 lamulo la ntchito linathetsa utenanti m'dziko muno. Choncho pa mlandu wonga uwu membala wina akhoza kukhala wodandaula, wina mboni, wina n'kutchulidwa dzina moipa. Loya wa kunja amaimira okhawo amene anasainirana naye. Enafe atilangize ndani tisanatsegule pakamwa?

Chinanso, khoti la ku England likamva mlandu wa zinthu zimene zinachitika dziko lina, kawirikawiri limagwiritsa ntchito malamulo a dziko limene anthu anapwetekedwerako. Zinatero ndi anzathu a ku Chingola ku Zambia. Anthu 1,826 anasumira kampani ya Vedanta ndi mgodi wake wa Konkola mu 2015 chifukwa cha kuwonongeka kwa madzi ndi minda. Mu 2019 khoti lapamwamba kwambiri la ku Britain linalola kuti mlandu umvedwe ku England, koma motsata malamulo a Zambia. Chifukwa chachikulu chimene khotilo linapereka chiyenera kutichititsa manyazi tonse a mayiko ano: linati anthuwo ndi osauka kwambiri moti sakanatha kulipira mlanduwo kwawo, ndinso kunalibe gulu la maloya lokwanira kusenza mlandu waukulu chotero. Nkhaniyo inatha mu 2021 pogwirizana kunja kwa khoti, kampani osavomera kulakwa.

Ndiye ngakhale mlandu uli ku London, malamulo a Malawi ndi amene angagwire ntchito, ndipo ena mwa iwo ndi a nthawi. Milandu yambiri ya mapangano ndi kuwonongeredwa katundu iyenera kufika kukhoti zisanathe zaka 6, ya kuvulala m'thupi zisanathe zaka 3. Mlimi amene akudikira "azungu aja anati abweranso" akhoza kutaya mlandu wake ali khale pakhonde.

Tsopano za ndalama, poti ndi pamene anthu amadanirana. Mu 2021 kampani ya Camellia, mwini wa minda ya tiyi ya Eastern Produce ku Mulanje ndi Thyolo, inagwirizana ndi amayi 36 amene anadandaula za nkhanza zogonana pa ntchito. Ndalama zimene zinalengezedwa zinali mapaundi 2.3 miliyoni, kampani osavomera kulakwa. Womva pa wailesi amangogawa ndalamazo ndi 36. Sizili choncho. M'kati mwa ndalamazo munalinso zolipira maloya ndi ntchito zina zoteteza amayi m'mindamo. Palibe cholakwika kuti loya alipidwe, wagwira ntchito. Koma munthu adziwe asanadinde chala kuti loya adzatengapo zingati, ndani adzavomereze mgwirizano ukabwera, ndinso ndani adzalipire mbali inayo mlandu ukaluza, poti kuno ngakhale ku England woluza ndiye kawirikawiri amasenza ndalama za mlandu.

Tili alangizi tinaonapo galimoto itafika pa mudzi wina kuno kummwera. Anthu ake, ovala bwino, anati akulemba mayina a odzalandira chipukuta misozi. Alimi anafola, anadinda zala pa mapepala a Chingerezi, ena anapereka ndi zitupa kuti zijambulidwe. Palibe anatsala ndi pepala ngakhale limodzi. Ifenso tinaimirira pomwepo osafunsa kanthu, poganiza kuti si ntchito yathu. Mpaka lero anthu aja amatiimitsa pa msika kufunsa kuti zinatha bwanji, ndipo tilibe chowayankha.

Ena anena kuti maloya a kunja amalemba okha anthu a kuno owathandiza. N'zoona, ndipo ambiri amagwira ntchito yabwino. Koma wolembedwa ndi a ku London amapereka malipoti ku London. Ife tikufuna amene tingamuitane pa msonkhano ngati uno, aime apa, awerenge pangano m'Chitumbuka ndime ndi ndime, agogo a ku Khosolo amufunse mpaka akhutire. Ameneyo ndi amene adzakhale pakati pa ife ndi alendowo. Adzasunga makope a zonse zimene mamembala asaina, adzatiuza pamene mlandu wafika, ndipo nkhani ikafunika ku khoti la majisitireti pano pa boma, ku khoti la za ntchito kapena ku khoti lalikulu ku Mzuzu, adzaima ndi iyeyo.

Tisamale posankha. Si aliyense wonyamula chikwama amene ali loya. Bungwe la Malawi Law Society limatulutsa mndandanda wa maloya amene ali ndi chilolezo chaka chimenecho, ndipo komiti iyenera kuuona. Timufunsenso poyera ngati iye kapena ofesi yake akuimira kampani yogula fodya, esiteti kapena mgodi umene tingadzalimbane nawo. Maloya a ku Mzuzu ndi owerengeka, n'zosadabwitsa kupeza mmodzi akudya uku ndi uku. Kwa membala amene ali ndi mlandu wakewake ndipo alibe ndalama, kuli Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza osauka pa milandu. Koma iwo ali ndi milandu yambiri kuposa manja awo, sitingawasenzetse ntchito ya bungwe lonse.

Pempho lathu kwa inu a Pampando ndi ili. Membala aliyense apereke mtengo wa kilogalamu imodzi ya soya pa chaka, ndalamazo zisungidwe pa akaunti yapadera yosainira anthu atatu, mmodzi akhale mayi. Komiti ikambirane ndi maloya osachepera atatu, ibweretse mitengo yawo yolembedwa ku msonkhano waukulu, mamembala asankhe. Kufikira tsiku limenelo, alembi a makalabu auze anthu kuti asadinde chala pa pepala lililonse la mlandu popanda kutsala ndi kope yake, ndipo ayambe kusonkhanitsa mapepala ogulitsira fodya, makontirakiti ndi malisiti a ngongole za zipangizo, ngakhale a zaka zam'mbuyo amene mbewa zinadya m'mphepete.

Kafunseni makalabu anu, mudzabwere ndi mayankho pa msonkhano wa mwezi wamawa.